Mmene ndinadzutsira Dyna Blaster pa laputopu ya masiku ano

Mafayilo a Dyna Blaster ndinali nawo pa CD yakale, koma nditawakopera pa laputopu, Windows anakana kuwatsegula. Masewerawa analembedwera MS-DOS (kapena kuti DOS), pulogalamu imene inkayendetsa makompyuta akale, ndipo Windows wa 64-bit sayendetsa mapulogalamu a 16-bit a nthawi imeneyo. Dyna Blaster ndi dzina limene Bomberman, masewera amene kamunthu kamayenda m'mipata n'kumaika mabomba, anagulitsidwira ku Ulaya. Kampani ya ku Japan ya Hudson Soft inatulutsa Bomberman woyamba mu 1983, ndipo mtundu wa 1990 wa pa makina a masewera a PC Engine ndi umene pambuyo pake unasamukira ku makompyuta a Amiga, Atari ST ndi a DOS.

Njira yake ndi DOSBox, pulogalamu yaulere imene imadzionetsa ngati kompyuta yakale. Kuiika pa laputopu sikunachedwe. Ndinapanga foda pa C: n'kuitcha masewera, m'kati mwake foda ina yotchedwa dyna, n'kuikamo mafayilo onse. Mayina afupi ndi abwino, chifukwa DOS amadziwa zilembo 8 zokha pa dzina, ndipo dzina lalitali amalidula.

DOSBox ikatseguka mumaona chinsalu chakuda chokhala ndi Z:\> basi. Apa ambiri amabwerera m'mbuyo, koma mizere yofunika ndi yochepa. Ndinalemba mount c c:\masewera, kutanthauza kuti foda ija ikhale C: ya kompyuta yongoyerekezayi. Kenako c:, kenako cd dyna, kenako dir kuti ndione fayilo yothera ndi .EXE. Nditalemba dzina lake, nyimbo inayamba. Kuti ndisamabwereze zimenezi tsiku lililonse, ndinatsegula fayilo ya zokonda ya DOSBox, yothera ndi .conf, n'kuika mizere yomweyi pansi pa [autoexec]. Alt ndi Enter zimadzaza sikirini yonse.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa liwiro. DOSBox imayesa mphamvu ya purosesa ndi chiwerengero chotchedwa cycles, chimene chimaoneka pamwamba pa windo. Ctrl ndi F11 zimachitsitsa, Ctrl ndi F12 zimachikweza. Chikachepa, kamunthu kamakoka miyendo ndipo nyimbo imadukaduka. Chikachulukitsa, laputopu yofooka imalema nayo ntchito, mawu n'kuyambanso kusweka. Ndinkasintha pang'onopang'ono uku ndikuyenda m'mipata, mpaka pamene kukhota pakona kunayamba kutsatira chala changa. M'masewera amenewa bomba limaphulika patangopita masekondi ochepa, ndiye kuchedwa pang'ono kwa batani ndi imfa. Nditapeza chiwerengero chabwino ndinachilemba mu fayilo ya .conf ija.

Vuto lenileni linabwera mphwanga atakhala pambali panga kuti tilimbane. Tonse tinali pa kiyibodi imodzi, ndipo nthawi zina iye akagwira batani loyendera ine n'kudina loponyera bomba, limodzi silinkamveka. Makiyibodi ambiri otchipa amalumikizidwa m'mizere yopingasana, choncho mabatani ena atatu akadinidwa pamodzi, lachitatu limatayika. Zimenezi si vuto la DOSBox. Ndinatsegula Notepad, n'kugwira mabatani angapo nthawi imodzi kuti ndione amene amakanirana. Kenako mu DOSBox ndinadina Ctrl ndi F1, pamene pamatuluka chithunzi cha kiyibodi, n'kusamutsa batani la bomba kupita pa lina limene silikangana ndi anzake. Pa chithunzi chomwecho mungathe kumangirira mabatani a wosewera wachiwiri ku gamepad ya USB, ndipo ndinachita zimenezo nditaipeza. Ndikuona kuti apa m'pamene munthu ayenera kutayapo nthawi, chifukwa mpikisano umene wina wafa batani litakana suthera bwino. A Amiga anali ndi kachipangizo kolowetsa pa doko la purintala kowonjezera majoyisitiki awiri, moti anthu 5 ankasewera limodzi.

Chotsala chinali kuphunzitsa mphwanga kutuluka pakona. Aliyense amayambira pakona atazingidwa ndi njerwa zophwanyika, ndipo malo omasuka ndi ochepa kwambiri. Moto umatuluka ngati mtanda, kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi, sukhota. Ndiye uike bomba kumapeto kwa mpata, ubwerere, ukhote, udikire. Zipilala zolimba siziphwanyika ndipo zimatchinga moto. M'njerwa zophwanyika mumatuluka zotola: chizindikiro cha moto chimatalikitsa lawi, cha bomba chimakulola kuika angapo nthawi imodzi, ndipo chigaza chimabweretsa matenda, monga kuyenda pang'onopang'ono. Ndinamuonetsanso kuti lawi likakhudza bomba lina, nalo limaphulika pomwepo ngakhale nthawi yake isanakwane, choncho asaime mu mzere wa bomba lililonse limene lili pafupi ndi linzake.