Katuni ija yatha, zikomo amalume

Abale anga, katuni ija ya msodzi imene ndinkajambula yatha usiku wathawu. Ndi ya mphindi 2 zokha, koma sekondi iliyonse imadya zithunzi 12, zonse pamodzi 1,440. Maso akuwawa, msana ndiye osanena. Laputopu yanga nayo inandifera pakati pa ntchito. Mulungu wandigwira dzanja, ulemu upite kwa Iye.

Zikomo amayi pondisungira nsima mpaka pakati pa usiku. Zikomo mnzanga wa ku Monkey Bay, unandibwereka makina ako osafunsa tsiku lobweza.

Koma amalume anga a ku Makawa, ndikuthokozeni bwanji? Kompyuta simunaigwirepo, moyo wanu wonse ndi panyanja. Nditakuonetsani msodzi wanga pafoni munapukusa mutu, munati munthu sapalasa choncho, ameneyu ngouma ngati chitsa. Zinandiwawa, sindinama. M'mawa mwake munanditengera kudooko, munati ndisayang'ane nkhafi, ndiyang'ane msana wanu. Ndinaona mukuyamba mwaweramira kutsogolo kaye, kenako n'kukoka ndi thupi lonse. Nkhafi siyenda mowongoka, imakhota ngati uta. Bwato likamafika kumtunda siliima mwadzidzidzi, limabwera likuchepetsa liwiro mpaka kukhudza mchenga, ndipo madzi amene lawakankha amafikabe pambuyo pake.

Mfundo zimenezi ndinaziwerenga kalekale, zili m'gulu la mfundo 12 za kajambulidwe ka makatuni zimene Frank Thomas ndi Ollie Johnston, ojambula makatuni a ku Disney, anazilemba mu 1981. Ndinkaziloweza pamtima, koma ndinadzaziona ndi maso pamsana panu, amalume. Nditabwerera kunyumba ndinafufuta masekondi ambiri. Ndinathinanitsa zithunzi poyambira ndi pomalizira kuti nkhafi izinyamuka pang'onopang'ono, pakati ndinazitalikitsa kuti ithamange. Malaya a msodzi ndinawasiya azigwedezekabe iye ataima. Chambo chikagwera m'bwato chimaphwatalala pang'ono chisanadumphe. Munandibweza katatu pa chambo chimenecho!

Amene munkati zojambula ndi zachibwana, mpaka foni zanga kusiya kuyankha, ndilibe nanu mawu. Mudzaonera limodzi ndi anzanu.

Lero m'mawa ndinawaonetsanso amalume. Anaonera mwakachetechete, n'kuibwereza, kenako anaitana anzawo amene amasoka ukonde pansi pa mtengo kuti adzaone mmene msodzi wa m'katuniyo akupalasira. Ndinalira pomwepo. Mulungu akusungeni pamadzi amalume, mwera usakupezeni pakati pa nyanja. Loweruka ndikubweretsa shuga ndi majenti, ndipo musakane.