Bolodi lachinayi

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Zomba, ndipo ana akaweruka ndimatsala ndi timu ya chess. Loweruka lapitali tinali ndi mpikisano wa matimu a m'chigawo chino, osewera anayi timu iliyonse. Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pa kuchonga mayeso a Fomu 3 komanso kusaka mawotchi. Tili nawo awiri okha, ena awiri ndinakabwereka ku Chinamwali.

Lachitatu magetsi anathima, chiperoni chikutsika m'phiri. Tinakokera desiki pawindo, ine n'kuika zinthu zinayi basi: mfumu ziwiri, bishopu mmodzi ndi pawn (kamsilikali kakang'ono) ya mzere wa h, wa m'mphepete mwa bolodi. Anyamata anang'ung'udza. Iwo amafuna misampha yogwetsa munthu masewero akangoyamba, koma ndinakana. Ndinawaonetsa kuti h8, kona yomwe pawn imeneyo ikulowera, ndi bokosi lakuda, ndiye bishopu woyenda m'mabokosi oyera sangaichotse mfumu ya mdani ikangofika pakona pamenepo. Ngakhale mnzako akuposa zida, mumalepherana. Tinabwereza mpaka mdima.

Tsiku lampikisano, mu holo munali zii. Malamulo a FIDE, bungwe la chess la padziko lonse, sanyengerera: mafoni panja, chomwe wakhudza uyendetse chomwecho, aliyense azilemba mayendedwe ake, ndipo mphunzitsi asatsegule pakamwa. Bolodi loyamba ndi lachiwiri tinapambana, lachitatu mnyamata wanga anataya kwini chifukwa cha phuma. Zinali 2-1, maso onse pa bolodi lachinayi, pomwe panali mtsikana wa Fomu 2 akusewera zakuda, atataya kale hatchi.

Ndinaima chapatali, manja m'thumba, mtima uli phaphapha. Mwanayo sanayang'ane kwa ine ngakhale kamodzi. Anasinthanitsa ma rook, anadya pawn ya pa g, kenako mfumu yake inauyamba ulendo: e7, f8, g7, h8, m'mabokosi akuda okhaokha. Mnzakeyo anayesa uku ndi uku kwa mphindi makumi awiri. Atatopa anakankha pawn kufika pa h7, mfumu yake ili pa g6. Yathu inalibe kopita, koma sinali pa check (panalibe chida choiopseza), ndiye kulepherana kumeneko. Woyang'anira masewero anabwera, anaimitsa wotchi, analemba theka theka. Tinapambana 2½-1½.

Titatuluka anandipeza pakhonde, pepala lake lili m'manja, likunjenjemera.

"Aphunzitsi, bishopu uja anali wa oyera. Ndinamuona kalekale."

Ndinangoti, "Wachita bwino mwanawe," mawu ena anandithera. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera kabaza kukabweza mawotchi aja.