Sabata ya 14 pa Potato Path: mphindi 58

Loweruka lapitali ndinafika ku Ku Chawe, paphiri la Zomba, wotchi yanga ya GPS yothamangira ikuonetsa mphindi 58 kuchokera pamene njira ya Potato Path imayambira kumtunda kwa tauni ya Zomba. Ulendo woyamba, mu February, ndinatenga ola limodzi ndi mphindi 19, ndipo ndinakhala pansi katatu m'njira. Ulendo uno sindinakhale pansi ngakhale kamodzi. Ndakondwa kwambiri, ndipo ndikufuna ndilembe momwe zafikira apa ndisanaiwale.

Ndinadzuka 4:30, kunja kuli kachisanu ka mwezi wa May kolowa m'zala. Wotchi ndinali nditaitchajiratu Lachisanu masana magetsi asanazime. Ndinamwa tiyi ndi mbatata ziwiri zotsala dzulo, kenako ndinaima pageti dzanja lili m'mwamba kudikira kuti wotchiyo igwire masetilaiti. Kudikira kumeneku ndinkakuona ngati kutaya nthawi, mwakuti masabata oyamba ndinkangodina batani n'kunyamuka. Madzulo poyang'ana mapu pafoni ndinkapeza mzere ukuyambira m'dimba la eni ake kutsidya la msewu, ndipo kilomita yoyamba inkakhala yabodza. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita oposa 20,000 kuchokera pansi pano, ndipo wotchi imafunika kumva anayi kapena kuposerapo kuti idziwe pomwe munthu waima. Mphindi imodzi yoima chilili ndi yokwanira.

Chimene chasintha kwambiri si miyendo ayi, koma zimene ndimayang'ana padzanja. Ndinayambira kuthamanga pamsewu wa tala, komwe ndinazolowera kuona mphindi zisanu ndi theka pa kilomita. Nditabwera nacho chizolowezi chimenecho m'phiri, wotchi inkandionetsa mphindi 14, pena 16 pa kilomita, mtima n'kumandiwawa. Ndinkadzikakamiza kuthamanga pa chitunda chilichonse mpaka kugunda kwa mtima kufika 180 pa mphindi, ndiye ndinkaima wefuwefu, manja ali m'chiuno, malovu akuwawa m'kamwa.

Tsiku lina mu March ndinapitirira amayi atatu omwe ankakwera kukatola nkhuni, nkhata ndi zingwe zili m'manja, wina atavala patapata. Ndinawapatsa moni, iwo n'kundipatukira. Patangopita mphindi khumi anandipeza nditakhala pamwala. Wamkulu mwa iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Pepani achimwene, mwatopa? Kuthamanga si kufika. Tiyeni tizipita limodzi.” Ndinadzuka n'kuwatsata pambuyo. Sankafulumira, komanso sankaima. Mapazi awo ankaponda pafupipafupi, akucheza nkhani za maliro a kumudzi kwawo osasowa mpweya. Pamene tinkasiyana ndinayang'ana wotchi: chigawo chimenecho ndinachikwera mofulumira kuposa masiku onse omwe ndinkachithamanga, mtima usanapitirire 150.

Usiku womwewo ndinasintha zoonekera pa wotchi. Liwiro la pa kilomita ndinalichotseratu. Ndinasiya zitatu zokha: kugunda kwa mtima, mamita omwe ndakwera, ndi nthawi. Lamulo langa tsopano n'lakuti mtima ukadutsa 155 pokwera, ndimasiya kuthamanga n'kuyamba kuyenda, manja atagwira pamwamba pa mawondo, ndikukankha ntchafu ngati ndikupalasa. Pakafika pabwino ndimathamanganso. Mlungu ndi mlungu malo oyenda akuchepa okha, osawakakamiza. Potato Path ndi yaifupi mukaiwerenga m'makilomita, koma wotchi yanga imaonetsa kukwera kwa mamita pafupifupi 600, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe imandiuza zoona za tsikulo. Amene anaiponda njirayi mpaka kukhala njira ndi anthu otsika ndi mbatatesi pamutu kupita nazo kumsika. Ndikamadutsa pa miyala yosalala ndi mapazi awo ndimawaganizira.

Wotchi nayo ili ndi zofooka zake, ndipo ndayamba kuzidziwa ngati momwe munthu amadziwira njinga yake. Pansi pa mitengo ya paini, kapena m'chigwa cha Mulunguzi momwe matanthwe ali mbali zonse, uthenga wa masetilaiti umafika mokhotakhota utagunda miyala, ndiye mzere wa pamapu umapenga. Njira imodzimodzi tsiku lina imatuluka makilomita 11.2, tsiku lina 11.7. Ndinatsegula kuti izimvanso masetilaiti a Galileo, a ku Ulaya aja, kuwonjezera pa a GPS a ku America, ndipo zinakhalako bwino, ngakhale batire likutha msanga. Kukwera imakuyeza ndi kulemera kwa mpweya, kudzera pa kabowo kakang'ono kam'mbali. Nyengo ikamasintha, nayonso imanamizika. Tsiku lina ndinakhala pa damu la Mulunguzi ndikudya nthochi mitambo ikusonkhana, wotchi n'kundiwonjezera mamita 20 ndili chikhalire. Kabowo kameneka kamatsekeka ndi thukuta louma ndi fumbi. Ndimakatsuka ndi madzi ofunda basi, singano sindilowetsamo.

Za mtimanso: timagetsi tobiriwira takumbuyo kwa wotchi timawerenga magazi oyenda pansi pa khungu, ndiye m'mawa kukazizira magazi akathawa m'manja, mphindi khumi zoyamba wotchi siwerenga bwino. Kumanga lamba molimbako ndi kuikweza chala chimodzi pamwamba pa kafupa ka padzanja kwandithandiza.

Pali tsiku limodzi lomwe wotchiyi inandibwezera ndalama zanga zonse. Anali masabata atatu apitawa, ndikuchokera ku dzenje lakuya lotchedwa Chingwe's Hole, kumadzulo kwa phirili komwe kukacha bwino umaona chigwa cha Shire chili yalaa pansi. Nkhungu inabwera mwadzidzidzi, yoti mtengo uli patsogolo pako osauona mpaka utaufika. Ndinafika pamphambano ya tinjira titatu pamalo pomwe paini anadulidwa posachedwa. Mtengo waukulu womwe ndinkauyesa chizindikiro panalibe, panangotsala zitsa ndi utuchi, ndipo ocheka matabwa anali atatsegula tinjira tatsopano. Ndinasankha kanjira kakumanja, ndinatsika nako mwina mphindi zisanu ndi ziwiri, kenako ndinamva kuti mphepo ikundiwomba mbali yolakwika. Mantha anandigwira ndithu, chifukwa mbali imeneyo kuli maphompho. Ndinaima, ndinatsegula pomwe wotchi imaonetsa mzere wa momwe wadzera, ndinatembenuka mpaka kamuvi kanaloza mzerewo, n'kubwerera pang'onopang'ono. Ndinaipeza njira yanga. Kuyambira tsikulo sindikwera batire lili pansi pa theka, ndimanyamula jekete yopyapyala ndi wenzulo, ndipo ndimauza mlongo wanga njira yomwe ndidzere ndi nthawi yoti ayambe kundiimbira.

Kudulidwa kwa mitengoku kumandipweteka mtima. Pali malo omwe mu February ndinkathamanga mumthunzi, singano za paini zili fofofo pansi pa nsapato, lero ndi dzuwa ndi nthaka yofiira yomwe mvula ikubwerayi idzaikokolola kupita nayo mumtsinje womwe tauni yonse imamwa.

Chomwe chikadali kumbuyo ndi kutsika. Pokwera ndadula mphindi 21, koma potsika ndangodula zinayi. Ndimaopa. Mu April ndinabinya kakolo wakumanzere pa muzu wonyowa, ndinakhala masiku khumi osathamanga, ndipo mpaka lero phazi limenelo limaponda mokayika. Ndaona kuti ndikayang'ana wotchi ndikutsika ndi pomwe ndimapunthwa, choncho potsika ndimaikokera mkati mwa mkono wa malaya, maso n'kukhala pa miyala itatu yakutsogolo. Nsapato zomwe ndinapeza pa kaunjika zili ndi mano abwino pansi, koma zimathina ku zala, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chada bii. Ndikufunafuna zokulirapo pang'ono. Madzulo ndikamatsuka mano ndimaima ndi mwendo umodzi kulimbitsa kakolo uja.

Zonsezi ndikukonzekera Porters Race, mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje, womwe umachitika mu July. Umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula, makilomita oposa 20. Unayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira m'phirimo, ndipo mpaka pano ana a kuphiri komweko ndi ovuta kuwagonjetsa. Otsogola amamaliza maola atatu asanakwane. Ine za iwo sindikuziwerengera. Ndikufuna kumaliza ndi miyendo yanga, ndikutsika bwinobwino. Kukwera kwa kumeneko n'koposa mamita 1,000 ulendo umodzi, pafupifupi Potato Path ziwiri zosanjikizana, ndipo July ndi mwezi wa chiperoni, miyala imakhala yoterera.

Sabata yathayi yonse pamodzi: makilomita 38, kukwera mamita 1,450, masiku anayi othamanga. Loweruka likubwerali ndikwera Potato Path kawiri, kutsika n'kubwereranso, ndione ngati mtima ungakhalebe pansi pa 155 ulendo wachiwiri. Ndinyamula botolo la thobwa ndi mtedza wothira mchere. Zikayenda bwino, kumayambiriro kwa June ndikwera minibasi ya ku Mulanje ndikagone ku Likhubula, ndipeze wondilondolera, tikakwere ku Chambe ndikuyenda chabe kuti wotchi isunge mzere wa njirayo.