Konisi sigwira ndi penti: misomali, masikuluu ndi mapulagi oyenera

Lowani m'nyumba zambiri zatsopano ku Kalongwezi kapena ku Moth mu Chipata, muyang'ane pamene siling'i ikumana ndi chipupa. Chaka chimodzi chokha chitatha, mupeza konisi, chija chophimba pokumanapo, yayamba kulekana ndi siling'i, ndipo madontho ofiira ali pamzere, otalikirana mofanana ngati munthu anachita kuwayeza. Eni nyumba amadzudzula wopenta. Koma madonthowo ndi mitu ya misomali imene yachita dzimbiri, ndipo mng'aluwo ukusonyeza kuti kuseri kwa konisi kunalibe thabwa loti msomali ugwire.

Nkhani yonse imayambira pa bulandaring'i, timatabwa ta 38 x 38 mm timene timakhomedwa kunsi kwa mathirasi, matabwa onyamula denga. Pa bodi ya jipisamu ya 6.4 mm timatalikirana 400 mm. Izi akalipentala ambiri amazidziwa. Chimene amaphonya ndi thabwa lozungulira m'mbali mwa chipinda. Ambiri amaligundiza kuchipupa, ndiye limathera pa 38 mm. Konisi yofala ya 75 mm imakhudza siling'i chapatali kuposa pamenepo, choncho msomali wam'mwamba umangoboola bodi n'kutulukira m'mphepo. Pokhoma umalowa mofewa, mmisiri n'kukondwa kuti ntchito ikuyenda, osadziwa kuti palibe chagwira. Siyani mpata wa 38 mm kuchoka kuchipupa, thabwalo likhale pakati pa 38 ndi 76 mm, kuti msomali wokhomedwa cha pa 60 mm ulowe pamtima pake. Ngati konisi ndi yaikulu, yezani kaye kukula kwake musanakhome bulandaring'i. Bodi ikatsekedwa, kukonza zimenezi kumafuna kukwera m'denga, pansi pa malata, ndipo mu Okutobala palibe amene angakuvomereni ntchito imeneyo.

Tsopano chitsulo chenichenicho. Jipisamu imasunga chinyezi, ndipo phala lomatira konisi ndi lotsekera mitu ya misomali limabwera ndi madzi. Msomali wawaya wamba, uja wogulitsidwa pakilo wokhomera denga, umayamba dzimbiri tsiku lomwelo. Penti wa PVA nayenso ndi wamadzi, sabisa dzimbiri; mupake kanayi, dontho lidzatulukabe. Pokhomera konisi ya jipisamu kuthabwa gwiritsani misomali ya galata (yokutidwa ndi zinki yoteteza dzimbiri) ya 38 mm, kapena masikuluu akuda a bodi a 32 mpaka 41 mm. Masikuluuwa ali mitundu iwiri, ndipo m'mashopu a ku Down Shops mukangonena kuti “ndipatseni madiraiwo” adzakupatsani amene ali pafupi. Yang'anani mizere yake. A mizere yotalikirana ndi a thabwa. A mizere yothinana ndi a bulandaring'i yachitsulo. Mukasinthanitsa, wothinanayo amangotafuna thabwa la paini osaluma, ndipo wotalikiranayo amakulitsa bowo m'chitsulo chopyapyala n'kuyamba kuzungulira pachabe.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a CCA kuopa chiswe ali ndi kopa mkati mwake. Kopa akakumana ndi chitsulo wamba pamalo achinyezi, chitsulocho chimadyeka msanga. Pathabwa lotere musanyengedwe ndi misomali yonyezimira ngati siliva. Zinki yake ndi yopyapyala kwambiri. Funani yotuwa, yokhakhala mukaigwira, imene inamizidwa mu zinki yosungunuka. M'bafa ndi m'khitchini, kumene nthunzi imakwera tsiku lililonse, ndalama yowonjezerayo ndi yochepa poyerekeza ndi kupentanso chipinda.

Mutu wa sikuluu ulowe pang'ono chabe kunsi kwa pepala la jipisamu, osaling'amba. Pepala likang'ambika mphamvu yatha, chifukwa choko cha kuseri kwa pepalalo pachokha chimafumbutuka. Sikuluu wotereyo musiyeni, ikani wina 50 mm kuchoka pamenepo. Ndipo musakhome pafupi kwambiri ndi m'mphepete. Siyani 12 mpaka 15 mm.

Mbali ya kuchipupa ndi imene imavuta, chifukwa zipupa za kuno sizifanana. Njerwa zootcha za pauvuni zambiri ndi zofewa, msomali wa konkire wa 40 kapena 50 mm umalowa n'kugwira bwino. Buloko la simenti ndi nkhani ina. Likakhala lolimba, msomali umadumpha n'kugamula pulasitala kukula ngati chikhatho. Likakhala losauka simenti, monga ambiri oumbidwa m'mbali mwa msewu, msomali umalowa ngati m'mchenga ndipo mutha kuuzula ndi zala. Pamwamba penipeni pa chipupa nthawi zina mumakumananso ndi konkire ya ring'ibimu (lamba wozungulira nyumba yonse), imene imapinda msomali uliwonse. Pamalo onsewa boolani ndi diliro ya 6 mm, ikani pulagi ya pulasitiki ya 6 mm, mumange ndi sikuluu wa 4 x 50 mm. Bowo lipitirire utali wa pulagi ndi 10 mm, ndipo muuzire fumbi lituluke musanaike pulagi. Kunena zoona, kusema kamtengo n'kukakhomera m'bowo m'malo mwa pulagi ndi chizolowezi chofunika kutha. Kamtengoko kakauma kamachepa, ndipo ndi nsima ya chiswe.

Musanaboole, onani pamene pali maswichi ndi masoketi. Mapaipi a mawaya a magetsi amakwera molunjika kuchoka pa swichi kupita m'denga, kudutsa kuseri kwa konisi. Lembani ndi pensulo, mudumphe malowo ndi 100 mm uku ndi uku.

Tiwerengere chipinda cha mamita 4 ndi 3.5. Kuzungulira kwake ndi mamita 15. Konisi ya mamita 3.6 mugule zisanu. Zinayi sizikwana, komanso makona amadya zidutswa. Mukatalikiranitsa 300 mm, mufunika masikuluu 50 am'mwamba ndi 50 a kuchipupa. Onjezani 20, popeza ena adzagwa, ena adzapindika, ndipo pakona ndi polumikiza pamafunika owonjezera, 50 mm kuchoka kumapeto kwa chidutswa chilichonse. Chipupa cha mamita 4 chikhala ndi polumikiza. Musaike polumikizapo pakati penipeni moyang'anizana ndi chitseko, pamene diso limafikira munthu akangolowa.

Yambani ndi kumenya mzere wa choko pachipupa, 75 mm kutsika kuchoka pa siling'i, mutayeza ndi levulo kapena paipi ya madzi. Khomani timisomali tosakhalitsa pamzerewo kuti konisi ikhalepo pamene mukumanga. Tsatirani mzere, osati siling'i. Siling'i ikakhala ndi mimba, sikuluu amakokera konisi m'mwamba n'kuipinda ngati njoka, ndipo madzulo getsi likayaka zonse zimaonekera. Kampata kotsala m'mwamba katsekedwe ndi phala.

Pa jipisamu, phala lomatira ndi limene limanyamula katundu wambiri; zitsulo zimagwiriziza pamene likuuma ndi kuteteza pamene lalephera. Koma phala silimata papenti wonyezimira kapena pafumbi. Palani kaye ndi sandipepa, pukutani, nyowetsani pulasitala pang'ono.

Konisi ya thabwa ilibe phala loithandiza. Ya paini ikhomeni ndi timisomali topanda mitu ta 40 mm, mutilowetse ndi panchi, mutseke ndi fila. Ya mlombwa, umene ambiri amautcha mukwa, boolani kaye ndi kadiliro kochepera pang'ono msomali, apo ayi ing'aluka kumapeto, ndipo mlombwa si wotayira. Bulugamu amang'aluka koposa. Polumikiza dulani zonse ziwiri mopendeka madigiri 45 kuti chimodzi chigone pa chinzake; thabwa likauma n'kufupika, mpata suoneka. Konisi ikaposa 100 mm, kuseri kwake kumatsala mphako yaikulu. Dulani timatabwa ta makona atatu, mutimangire kuchipupa ndi mapulagi motalikirana 400 mm, konisi ikhomedwe pa timeneto. Ena amagwiritsa timabulaketi tagalata tooneka ngati L, ndipo timagwira bwino, bola masikuluu ake akhalenso agalata.

Ya polisitirini, yopepuka ngati thovu ija, sifuna chitsulo chokhalitsa. Imamatidwa ndi guluu wamadzi wa akiriliki, timisomali n'tongoigwiriziza usiku umodzi, m'mawa muzule. Guluu wa kontaki amaisungunula pomwepo. Ya PVC imamangidwa ndi masikuluu kubulandaring'i kudzera pa mlomo wake wobisika, mapanelo a siling'i asanalowe.

Chotsala ndi mng'alu umene umatseguka ndi kutsekeka ndi nyengo. Matabwa a denga akakhomedwa ali aawisi amauma m'chilimwe, mvula ikabwera mu Novembala amatupanso, ndipo siling'i imayenda nawo. Chipupa sichiyenda. Konisi yomangidwa zolimba mbali zonse ziwiri ndi imene imang'ambika pakati pa ziwirizi. Panyumba imene mng'alu wabwerera kawiri, kuutseka ndi phala louma gwa n'kutaya nthawi. Ngati konisi ndi ya thabwa, zulani misomali ya kuchipupa, muisiye yogwira kubulandaring'i kokha, mzere wapansi mutseke ndi sila ya akiriliki imene imatamuka. Silikoni musayese, penti samugwira. Ndipo kwerani m'denga muone ngati hupu ayeni, lamba wachitsulo womanga wolopuleti (thabwa logonera mathirasi) kuchipupa, ikadali yothina, chifukwa ikamasuka, mphepo ya mu Ogasiti imatukula denga pang'onopang'ono, siling'i ndi konisi n'kumatsatira.