Khola la nsato ndi ng'azi m'nyengo yozizira ya ku Dedza

Sabata ino m'kalasi tinali pa makola a nyama zokwawa, zikuluzikulu zija ngati nsato, ng'azi ndi akamba, ndipo nkhaniyi yandikhala m'mutu chifukwa kuno ku Dedza June akafika kumazizira zoopsa, nanga nyama yoti thupi lake silidzitenthetsa lokha ipirira bwanji?

Chandigwira mtima n'chakuti khola lisamatenthe mofanana paliponse. Mbali imodzi pakhale poothera, mwala waukulu pansi pa babu lotentha la halogen, mbali inayo pozizirirako, nyamayo izisankha yokha, monga amachitira gulo wa pakhomo uja, mmawa pamwala, dzuwa likakula wakabisala. Khola likakhala lalikulu babu limodzi silikwana, pamafunika angapo moyandikana kuti thupi lonse lifundidwe, osati mutu ukupsa mchira uli zii. Mababuwo atchingidwe ndi waya chonde, nsato imakwera n'kudzikulunga pa chinthu chotentha, pomwe izichokapo khungu lapsa kale.

Koma kutentha pakokha sikukwanira ayi. Ng'azi ndi kamba amafuna kuwala kwa UVB, mbali ya kuwala kwa dzuwa yosaoneka ndi maso, kuti khungu lipange vitamini D3, popanda ameneyo calcium wa m'chakudya sapita m'mafupa, nsagwada zimafewa, miyendo imapindika, chigoba cha kamba chimakula chopotoka, zithunzi zake zinandimvetsa chisoni kwambiri. Galasi la windo limatseka UVB, ndiye oika khola pawindo n'kumati dzuwa likulowa akungodzinamiza. Nyali zazitali zotulutsa UVB, zotchedwa machubu a T5, ndi zomwe zimathandiza, machubuwa aikidwe mbali yomweyo ya poothera, koma UVB wawo amatha akuwalabe bwinobwino, n'chifukwa chake amasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12 kutengera mtundu wake.

Usiku nyali zonse zizime, nyama igone mumdima maola pafupifupi 12. Apa ndi pomwe pamalowa hita ya ceramic, imatentha osawala, yolumikizidwa nthawi zonse ku thermostat, kachipangizo koizimitsa kukatentha mokwanira n'kuiyatsanso kukazizira. Timphasa tamagetsi totenthetsa pansi pa khola ndi ta timabokosi ting'onoting'ono basi.

Zambiri zomwe timawerenga zinalembedwa ndi anthu a kumaiko opanda dzuwa lokwanira, ife dzuwa tili nalo lambiri, vuto lathu ndi usiku wa July magetsi atazima. Ine ndikanamanga khola lokhala ndi bwalo lapanja la waya loyang'ana kumpoto, poti m'chisanu dzuwa limadutsa cha kumeneko, kenako kachipinda kogona ka njerwa zokhuthala kotsekedwa bwino kuti mphepo isalowe. Ndiye hita izitenthetsa kachipindako kokha osati khola lonse, chifukwa hita ya 150 watts ikayaka maola 10 yadya 1.5 kWh, batire wa sola wa pakhomo sangafike nayo m'bandakucha.