Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Ngongole Imene Sitinakongole

Mu gawo lapitali ndinalekezera poti tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu ya bambo wina wachikulire. Pampandapo tinalipo mabanja atatu ochita lendi. Ine ndinkalipiranso kachipinda ka kutsogolo, kolumikizana ndi nyumba ya eni akewo, momwe ndinaikamo makina anga osokera. Tinapereka dipoziti ya miyezi iwiri, tinasainirana pepala la mgwirizano, ndipo lendi sitinachedwetsepo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zonse zomwe zinatigwera, zinatigwera tilibe ngongole ndi munthu.

Zinayambira ku madzi. Mita inali imodzi pampanda ponse, m'dzina la alandilodi, ndipo banja lililonse linkawonjezera gawo lake la bilu popereka lendi. Tsiku lina m'mawa ndinatsegula mpopi kuti ndisambitse ana, koma munangotuluka mphepo. Mayi wa khomo loyandikana nafe atapita pamita anapeza atamangapo kawaya. Ku ofesi ya madzi, mtsikana wa pakauntala anatiuza mwaulemu kuti sangatiuze kuchuluka kwa ngongoleyo poti akauntiyo si yathu. Malisiti amene tinanyamula anali olembedwa ndi dzanja la alandilodi, ndipo kwa a madziwo anali mapepala wamba, chifukwa ndalama zathu sizinkafika kwa iwo. Tinasonkherana mabanja atatufe n'kulipiranso madzi amene tinali titalipira kale, kuphatikizapo chindapusa cholumikizira.

Alandilodi anapepesa, amvekere zinthu zangothina pang'ono. Tinawakhulupirira, poti anali munthu wofatsa, wokonda ana athu. Ngakhale pamene kunabwera amuna awiri n'kumajambula nyumba zonse ndi kuyeza mpanda ndi tepi, iwo anati akufuna kukonzetsa denga. Chonsecho anali anthu otumidwa ndi banki kudzawerengera mtengo wa malowo.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lomwe kunafika asherifu, anthu a khoti olanda katundu wa angongole. Ngongole imene anadzera sinali ya banki, inali ina, ya munthu amene anawapatsa alandilodi katundu wa bizinesi pangongole n'kukawina mlandu. Analowa m'nyumba yaikulu ndi pepala ndi cholembera, akulemba mipando, firiji, wailesi ya kanema. Kenako mmodzi anakankha chitseko cha kachipinda kanga. Ndinali ndili pamakina, diresi ya mwana wa sukulu ili pansi pa singano.

"Mayi, makinawa ndi a ndani?"

"Ndi anga, bambo. Ine ndimachita lendi muno."

"Aliyense amatero. Muli ndi umboni?"

Miyendo inazizira. Makina amenewo ndiwo ankalipira fizi ya ana anga. Ndinathamangira kunyumba, ndinakhuthulira pabedi chikwama momwe timasunga makadi a kuchipatala ndi mapepala a ukwati, ndipo pansi penipeni ndinapeza lisiti la makinawo, litachita chikasu, koma dzina langa ndi nambala ya makina zikuwerengeka. Bamboyo anagwada, anayerekeza nambala ya palisiti ndi yomwe inadindidwa pachitsulo, n'kufufuta mzere umene anali atalemba kale. Mnzathu wa khomo lachitatu analibe lisiti la njinga yake, yomwe ankaisunga m'sitolo ya alandilodi. Inakwera galimoto limodzi ndi mipando ija. Lamulo limati wolandidwa ndi katundu wa wangongole yekha, koma chinthu chikapezeka pamalo pa wangongoleyo, udindo wosonyeza kuti ndi chako umagwera iwe, ndipo ukalephera pomwepo umakadandaula kukhoti. Njingayo inabwerera, koma mwini wake atajomba kuntchito ndi kuwononga ndalama zoyendera, pa mlandu woti sankaudziwa n'komwe.

Pasanathe nthawi tinalandira kalata yochokera kwa maloya a banki, yolembera "okhala m'nyumbayi", popanda dzina la aliyense wa ife. Inati eni malowa alephera kubweza ngongole, ndipo kuyambira mwezi umenewo lendi tizipereka ku akaunti imene anailemba m'kalatamo. Madzulo a tsiku lomwelo alandilodi anagogoda kudzapempha lendi yomweyo. Tinagwira njakata. Tikapereka kwa iwo, banki idzati sitinalipire. Tikapereka ku banki, iwo adzati taphwanya mgwirizano. Bambo a ana anga anati tisapereke kwa aliyense mpaka titamva kwa odziwa malamulo, ndipo ndalamayo tinaiika padera osaikhudza.

Mayi amene anatithandiza ku ofesi ya uphungu wa zamalamulo anatikhazika pansi n'kutifotokozera zomwe palibe anatiuzapo. Alandilodi anapereka chikalata cha umwini wa malowo ngati chikole pokongola ndalama zogulira galimoto ya katundu, ife tisanalowe n'komwe m'nyumbamo. Galimotoyo inawonongeka, chiwongoladzanja chinapitirira kukwera. Mayiyo anati nkhani yaikulu imakhala yoti chinayamba n'chiyani, chikole kapena mgwirizano wa lendi. Wochita lendi amene analowa m'nyumba chikole chisanaperekedwe nthawi zambiri amakhala ndi poimira, chifukwa banki inalandira nyumbayo ikudziwa kuti muli munthu. Koma amene analowa pambuyo, makamaka ngati banki sinavomereze kuti nyumbayo ichititsidwe lendi, pepala lake limamanga alandilodi okha. Ife tinali a gulu lachiwirili. Anatilangiza kuti tipemphe maloyawo umboni wolembedwa wa mphamvu zawo zotolera lendi, tikauona tizilipira kumeneko, tikusunga lisiti lililonse, ndiponso tiwalembere alandilodi kalata yowadziwitsa.

Ndinafunsa za dipoziti yathu. Anandiyang'ana kaye asanayankhe. Anati nyumba ikagulitsidwa, ndalama zimayamba zalipira zogulitsira ndi misonkho ya malo yomwe yatsalira, kenako banki yomwe ili ndi chikole, ndipo ena onse opanda chikole amadikira zotsala, ngati zilipo. Ife tinali m'gulu la odikirawo. Apa mpamene ndinamvetsa kuti tsiku lomwe tinapereka dipoziti, tinawakongoza alandilodi ndalama popanda chogwira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi choti pa anthu onse okhudzidwa, ife ogona m'nyumbamo ndife tinali omaliza kudziwa. Banki inkadziwa, maloya ankadziwa, khoti linkadziwa. Munthu ukamafuna nyumba amakufunsa komwe umagwira ntchito, malipiro ako, ngakhale komwe unkakhala kale, koma iwe sungafunse ngati nyumbayo ili pachikole, angakuone ngati wamwano n'kupatsa wina. Pambuyo pake ndinawerenga kuti vutoli linakula kwambiri ku America pa mavuto a zachuma a 2008, pamene mabanja olipira lendi mokhulupirika ankatulutsidwa m'nyumba zolandidwa ndi mabanki, mpaka mu 2009 anakhazikitsa lamulo loti wochita lendi azipatsidwa notisi ya masiku osachepera 90. Lamulolo linatha mphamvu kumapeto kwa 2014 ndipo analibwezeretsa mu 2018 kuti likhale lokhazikika. Ku England ndi Wales nako, lamulo la 2010 limalola wochita lendi amene banki sinkamudziwa kupempha khoti kuti lichedwetse kulanda nyumbayo mpaka miyezi iwiri. Miyezi iwiri si yambiri, koma kwa mayi woti ana ake ali pakati pa teremu ndi nthawi yopumirako, ndipo ndimaona kuti wochita lendi aliyense, kulikonse, ayenera kukhala ndi chitetezo chotere.

Alandilodi ndinalankhula nawo kamodzi kokha za nkhaniyi. Ndinawapeza atakhala pakhonde pa mpando wapulasitiki, poti mipando ina ija inali itapita.

"Bambo, bwanji simunatiuze? Tikanayamba kale kufunafuna kwina."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana wanga, ndikanakuuzani mukanasamuka nonse, ndiye ndikanalipira ndi chiyani? Ndinkaganiza kuti ndikonza."

Ndinawamvera chisoni, chifukwa nawonso anali kutaya nyumba imene anaimanga ndi thukuta lawo. Koma chisonicho sichinafufute mfundo yoti anasankha kutisunga mumdima kuti lendi yathu ipitirire kubwera, ndipo ndalama za madzi zija anazitenga akudziwa kuti sakazipereka.

Malowo anagulitsidwa pa okushoni. Wogulayo anabwera yekha kudzationa, anati alibe nafe chifukwa, koma akufuna kugwetsa nyumba za kuserizo, ndipo anatipatsa mwezi umodzi. Za dipoziti anati iye sanalandire kalikonse, tikafunse amene tinawapatsa. Alandilodi anali atasamukira kwa mwana wawo, ndipo foni yawo sinkapezekanso. Dipoziti ya nyumba yatsopano tinachita kukongola kwa achimwene a bambo a ana anga, makasitomala anga ambiri anatsalira kudera lomwe tinachokako, ndipo mwana wathu woyamba anayenera kusintha sukulu chaka chisanathe. Za kusintha sukulu kumeneko, ndi momwe kunamusokonezera mwanayo, ndidzafotokoza mu gawo lotsatira.