Amalume, wilo ya Shakespeare ndi chala cha agogo

Lachitatu, usiku.

Amalume anafika dzulo kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo popeza tsiku lawo lasunthidwira ku Lolemba, akhala nafe sabata yonse. Ndinakonza zoti madzulo ano ndichonge makope a ana a Fomu 3 amene ndikuwaphunzitsa Macbeth, koma makopewo akadali pa tebulo monga ndinawaikira, chifukwa titangomaliza kudya amalume anatola buku langa, nayang'anitsitsa dzina lomwe lili pachikuto, kenako anandifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, anawa mumawauza zoona, kapena mukuwanamizabe monga tinkachitira ife?"

Amanditchula kuti aphunzitsi akafuna kundiputa, pakuti iwo ndiwo anaphunzitsa Chingerezi zaka zoposa 30 asanapume pa ntchito, ndipo ndi iwo omwe anandipatsa Julius Caesar ndili mwana, buku lothothoka masamba limene ankalilakatula pamtima kwinaku akumeta ndevu. N'chifukwa chake funsolo linandidzidzimutsa. Akuti mdzukulu wawo anawaonetsa kanema pafoni momwe anthu otchuka, kuphatikizapo akatswiri a zisudzo a ku England monga Derek Jacobi ndi Mark Rylance, akukayika zoti William Shakespeare wa ku Stratford-upon-Avon ndiye analemba masewero amene amadziwika ndi dzina lake, ndipo chionereni kanemayo mtima wawo sunakhale m'malo.

"Tamvera iwe," anatero, atasiya ulemu wachipongwe uja n'kuyamba kundilankhula monga mwana wa mlongo wawo. "Bambo ake ankasoka magolovesi a zikopa, ndipo pa zikalata ankangoika chizindikiro m'malo mwa dzina. Iyeyo ku yunivesite sanapondeko. Zolemba za dzanja lake zimene aliyense amazivomereza ndi masiginecha 6 okha, ndipo dzinalo likulembedwa mosiyanasiyana ngati la munthu wosadziwa dzina lake lomwe. Ndiye pali wilo yake ya 1616, ya masamba atatu, imene ikutchula nyumba, minda, lupanga, mbale yasiliva, ngakhale bedi lachiwiri pa ubwino limene anasiyira mkazi wake, koma buku ngakhale limodzi mulibe. Unaonapo kuti mlembi womwalira osasiya buku?"

Chimene chinandivuta n'choti pa zonse anatchulazi panalibe bodza. Vuto linali pa kumene amalume ankafuna kuti zoonazo zikatifikitse. Ndinayamba ndi kalembedwe ka dzina, ndi kuwauza kuti m'nthawi imeneyo Chingerezi chinalibe kalembedwe kokhazikika, moti Christopher Marlowe, mlembi wina wa masewero amene anaphunzira ku yunivesite ya Cambridge, anasaina dzina lake kuti Marley pa chikalata chimodzi chokha chomwe chinatsala ndi dzanja lake. Ndinawakumbutsanso kuti dzina la banja lathu lomwe linalembedwa mosiyana pa satifiketi yanga ndi pa chiphaso chawo cha penshoni, ndipo palibe amene anaganizapo kuti mmodzi wa ife ndi wabodza. Apa anaseka pang'ono. Za mabuku ndinati katundu yense wam'nyumba amene sanatchulidwe payekha anapita kwa mwana wake wamkazi Susanna ndi mwamuna wake, dokotala John Hall, ndipo masewero enieniwo sanali chuma cha wolemba, anali a gulu la zisudzo limene linkawasewera. Koma chimene ndinachitsindika kwambiri chili m'wilo momwemo, pomwe munthu wa ku Stratford uja anasiya ndalama zogulira mphete zachikumbutso kwa anzake atatu a zisudzo ku London, John Heminges, Richard Burbage ndi Henry Condell. Patapita zaka 7, mu 1623, Heminges ndi Condell anasonkhanitsa masewero 36 m'buku lalikulu lotchedwa First Folio, ndipo theka la masewerowo linali lisanasindikizidwepo, kuphatikizapo Macbeth yemwe anali m'manja mwa amalumeyo. Koyambirira kwa bukulo Ben Jonson, mlembi mnzake wa masewero amene ankamudziwa maso ndi maso, anamutamanda momugwirizanitsa ndi mtsinje wa Avon umene umadutsa ku Stratford, ndipo mlakatuli wina, Leonard Digges, anatchula chipilala chake cha ku Stratford.

"Za mphetezo anachita kuzilowetsa pakati pa mizere," anatero amalume, ndipo ndinaona kuti kanemayo anamuonera mwachidwi ndithu.

"N'zoona amalume," ndinayankha, "koma za bedi zija nazonso zinalowetsedwa pakati pa mizere, ndipo zimenezo mwazilandira popanda funso."

Anakhala chete kanthawi, akusisita chikuto cha buku ndi chala chachikulu. Ndiyenera kuvomereza kuti ndinamva kukoma mumtima, kukoma koipa kwa mwana amene wapeza cholakwa pa bolodi la mphunzitsi wake, ndipo ndikulemba pano ndikuchita nako manyazi.

Nditawafunsa kuti nanga analemba ndani, anatchula Edward de Vere, Earl wa ku Oxford, munthu wa m'banja la nduna zolemekezeka amene anakulira pafupi ndi nyumba yachifumu ya Elizabeth ndipo anayendera Italy, dziko limene masewero ambiri amachitikira. Ndinati munthuyo anamwalira mu 1604, pamene sewero la Shakespeare la The Tempest likutsamira pa nkhani ya chombo chotchedwa Sea Venture chimene chinasweka ku Bermuda mu 1609, ndiponso kuti mu 1598 mlembi wina, Francis Meres, anatchula Oxford ndi Shakespeare pa mndandanda umodzi wa alembi a masewero oseketsa, monga anthu awiri osiyana. Amalume anayankha kuti mwina analemberatu asanamwalire, ena n'kudzamalizitsa, ndipo Meres anali m'gulu la osunga chinsinsi. Pamenepo ndinamva kutopa kumene ndimakumva ndikamatsutsana ndi munthu pa nkhani ya ufiti, chifukwa umboni uliwonse umene ungabweretse umasandulika umboni woti chinsinsicho chinabisidwa mwaluso.

Mwina ndi kutopako kumene kunandichititsa kulowa m'mbiri ya chikayikocho, ngakhale amalume sanandifunse. Kwa zaka zoposa 200 chimwalirireni Shakespeare palibe amene analemba buku lotsutsa dzina lake, ndipo nkhaniyi inatentha mu 1857 pamene mayi wina wa ku America, Delia Bacon, anasindikiza buku lonena kuti masewerowo analembedwa ndi kagulu ka anthu ophunzira kotsogozedwa ndi Francis Bacon, katswiri wa malamulo ndi nzeru zakuya wa nthawi ya Shakespeare. Mayiyu anafika pofuna kuti manda a ku Stratford afukulidwe. Dzina la Oxford linabwera mochedwa, mu 1920, ndi J. Thomas Looney wa ku Gateshead, amene anayamba walemba makhalidwe amene iye ankaganiza kuti wolemba masewerowo ayenera kukhala nawo, kenako n'kuyamba kusaka munthu woti awayenere. Wina, Calvin Hoffman, ankakhulupirira kuti Marlowe sanafe mu 1593 monga zinalembedwera, ndipo mu 1956 analoledwa kutsegula manda a banja la Walsingham ku Chislehurst pofuna zolemba, koma anapezamo mchenga. Mark Twain anakayika, Sigmund Freud nayenso anakhulupirira za Oxford, choncho si nkhani ya anthu opanda nzeru. Chimene chinandigwira ndikufotokoza n'choti Delia Bacon anali mphunzitsi, Looney analinso mphunzitsi, ndipo pano tinali aphunzitsi awiri tikukangana magetsi atazima. Ndikuganiza kuti ife a choko tili ndi matenda athu, oti timavutika kuvomereza luso limene silinadzere m'manja mwathu ndi kutuluka ndi pepala.

Komatu munthuyo sanali wosaphunzira monga amalume ankamujambulira. Bambo ake, John Shakespeare, ngakhale ankasoka zikopa, anasankhidwa kukhala mkulu wa tauni ya Stratford mu 1568, udindo wofanana ndi wa meya, ndipo m'tauniyo munali sukulu imene anyamata ankaphunziramo Chilatini kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kaundula wa ana a sukuluyo wa zaka zimenezo anatayika, ndipo okayika amakonda kuima pamenepo, koma Jonson yemweyo ananena kuti mnzakeyo ankadziwa Chilatini pang'ono ndi Chigiriki chochepa kuposa pamenepo, zomwe zikuyenerana ndi munthu wa sukulu ya m'tauni, osati nduna yophunzitsidwa ndi akatswiri m'nyumba. Jonson anamusekanso chifukwa m'sewero lina anaika gombe la nyanja ku Bohemia, dziko lopanda nyanja. Ndipo Jonson mwiniwake anakulira m'nyumba ya womanga njerwa ndipo sanapite ku yunivesite, pamene Marlowe anali mwana wa wosoka nsapato. Masewero a nthawi imeneyo ankalembedwa ndi ana a amisiri ofuna ndalama, ndipo nthawi zambiri ankalemba awiriawiri. Apa ndinawavomereza amalume kuti chikayiko choona chilipo, koma ndi china: The Two Noble Kinsmen inasindikizidwa mu 1634 ndi mayina awiri, la John Fletcher ndi la Shakespeare, ndipo mu 2016 akatswiri osindikiza mabuku ake ku kampani yosindikiza ya yunivesite ya Oxford anaika dzina la Marlowe pambali pa lake pa masewero atatu a Henry VI. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zimenezi ndingawauze ana a Fomu 3 popanda mantha.

Pali mawu amene anafika pamlomo koma ndinawameza. Agogo anga, bambo awo a amalume, anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo moyo wawo wonse ankadinda chala pa chikalata chilichonse. Mwana wa telalayo ndiye anali patsogolo panga, munthu wotha kulakatula mawu a Mark Antony osayang'ana m'buku, akundiuza kuti mwana wa wosoka magolovesi sangalembe za mafumu. Ndinkafuna kuwafunsa kuti ngati patapita zaka 200 wina atapeza chala cha agogo pa pepala, kodi adzavomereza kuti makalata okongola amene amalume ankatilembera anali awodi? Koma munthu sulankhula choncho kwa amalume ako, makamaka ali mlendo m'nyumba mwako ndipo maso akuwavuta.

Ndinkayesa kuti tamaliza, ndipo ndinali nditayamba kusonkhanitsa mbale, pamene iwo anati, motsitsa mawu, "Nanga Judith?"

Judith anali mwana wamkazi wachiwiri wa Shakespeare, mapasa ndi Hamnet amene anamwalira mu 1596 ali ndi zaka 11. Mu 1611 Judith anakhala mboni pa chikalata china ndipo anaika chizindikiro, osati dzina. Amalume anati chimenechi ndicho chikuwasowetsa tulo kuposa wilo, kuposa masiginecha: munthu amene analemba akazi anzeru chotere, mkazi wovala ngati loya n'kugonjetsa amuna m'bwalo la milandu, angasiye bwanji mwana wake wamkazi osadziwa kulemba dzina lake? Ndinayankha zimene ndimadziwa, kuti Susanna ankatha kusaina dzina lake, ndiponso kuti m'masiku amenewo kuwerenga ndi kulemba zinkaphunzitsidwa padera, moti atsikana ambiri ankawerenga koma cholembera osachigwira. Anapukusa mutu, natsanzika, napita kukagona atatsamira khoma ndi dzanja.

Yankho langa linali loona, ndipo silinandikhutiritse ngakhale ine ndemwe. Sikuti ndayamba kukayika dzina lomwe lili pachikuto, ayi, pamenepo sindinasunthe. Chimene chandisiya maso ali gwa ndi amayi anga, mlongo wawo wa amalumewa, amene analekezera Sitandade 2 chifukwa ndalama za makina osokera zinkangokwanira mwana mmodzi, ndipo mwanayo anali wamwamuna. Mpaka lero uthenga ukabwera pafoni amadikira mdzukulu kuti awawerengere. Mchimwene wawo anaphunzitsa ana a eni zaka zoposa 30, mwana wawo ndine ndikuphunzitsa chaka cha 12, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene anakhalapo nawo pansi ndi kope ndi pensulo. Amalume akufunsa kuti munthu wa mabuku angachite bwanji zimenezo, pamene ife awiri tinazichita popanda kuvutika ngakhale pang'ono. Kapena mwina akudziwa, ndipo n'chifukwa chake anatsitsa mawu.

Magetsi abwera tsopano, koma makope sindiwagwira. Mawa pa piriyodi yachiwiri tili pa gawo limene Lady Macbeth akulowa yekha akuwerenga kalata yochokera kwa mwamuna wake, ndipo ndiyenera kusankha mtsikana woti aime kutsogolo ndi pepala m'manja. Amalume akutsokomola kuchipinda, sanagone.